Chochongedwa Sichibwerera

Ine munthu wochedwa ndimadana naye, ndipo sindibisa. Ndimagwira ntchito pakauntala ya dokotala wa mano, ndipo ndine amene ndimagawa nthawi: uyu naini koloko, uyu hafu pasiti naini, uyu abwere Lachinayi. Ukafika mochedwa ndi mphindi khumi, ngakhale tsaya litatupa ngati mpira, ndimayamba ndakuyang'ana, kenako ndimayang'ana wotchi yapakhoma, kuti uzimve wekha. N'chifukwa chake amuna anga, amene ndi aphunzitsi, anandipatsa dzina loti aWotchi. Dzinalo linafika mpaka kuntchito, koma sindinakwiye nalo poti ndinkaliona ngati ulemu.

Moyo wanga wonse unali pamndandanda. M'mawa uliwonse ndisanamwe tiyi ndinkalemba zochita za tsikulo, chilichonse pamzere wake, ndipo ndikachita chimodzi ndinkachichonga. Chimene sichinatheke ndinkachijambulira kamuvi, kusonyeza kuti chasamukira mawa. Ndinalinso ndi zolinga za chaka chonse, zomata pachitseko cha wodirobu: kumaliza kosi ya makompyuta ndi kutenga laisensi yoyendetsera galimoto. Aphunzitsi, amuna angawo, ankati tsiku lina ndidzawalemba iwonso pamndandanda, pakati pa kuchapa ndi kugula sopo.

Amayi anga ankakhala nafe, m'chipinda chakumapeto chimene zenera lake limayang'ana kuchingwe choyanikapo zovala. Kale anali telala, koma maso atafooka anasiya, ndipo makina awo ankangokhala pakona ataphimbidwa ndi nsalu. Tsiku lina Lolemba m'mawa, ndikuvala nsapato pakhomo, anandiitana.

"Iwe, ndili ndi mawu. Ukapeza mpata ubwere tikhale pansi."

"Nenani pompano, amayi, ndili ndi mphindi zitatu."

"Si mawu a mphindi zitatu. Ndiponso sauzidwa munthu ali chiimire."

"Kodi mwadwala?"

"Ukapeza mpata," anatero, n'kubwerera m'chipinda mwawo.

Ndili m'basi ndinalemba pamndandanda kuti, "Kukhala pansi ndi amayi." Madzulo ndinafika nditatopa, ndiye ndinajambula kamuvi. Lachiwiri kamuvi. Lachitatu kunali kosi, kamuvinso. Musandiyang'ane choncho, inunso muli ndi timivi tanu. Sikuti sindinkawakonda amayi anga ayi. Ndinkangoona kuti iwo ali pompo, sathawa, pamene mayeso a kosi sadikira munthu.

Sabata yachitatu ya timivi kunabwera bambo wina kuntchito. Ndinali nditamupatsa teni koloko kuti adzazulitse dzino, ndipo anafika teni koloko yeniyeni, mpaka ndinamumwetulira. Anavala suti yosita bwino, koma mutu wonse unali mbuu ndi imvi, manja akunjenjemera. Pakhadi lake chaka chobadwa chinkasonyeza kuti ndi wamng'ono kwa ine. Ndinati walakwitsa polemba, ndimufunsa akamatuluka.

Anakhala pampando wodikirira n'kutulutsa kabuku kachikuto chakuda. Anatsegula, anachonga penapake, n'kudzuka. Pomwe ankafika pakauntala panga, m'kamwa mwake munali thonje lamagazi.

"Zikomo mayi, zatheka," anatero movutikira.

"Zatheka bwanji? Simunalowe n'komwe."

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, dokotala n'kusuzumira akuvula magolovesi. "Muwauze asadye zotentha lero," anandiuza. "Dzinolo linali lamakani, koma latuluka. Wotsatira alowe."

Ndinakweza maso. Wotchi yapakhoma inkati teni koloko yadutsa ndi mphindi imodzi yokha. Bambo uja anandiyang'ana ndi maso otopa, n'kukankhira kabuku kaja kwa ine.

"Ndaona mmene mumalembera," anatero. "Inu ndinu munthu wadongosolo. Ine zanga ndamaliza zonse."

"Zonse ziti?"

"Zonse. Nyumba ndinamanga, ana ndinalera mpaka anakula. Amati zinali bwino."

Anatuluka. Ndinathamangira kukhomo kuti ndimubwezere buku lake, koma mumsewu munali anthu ambiri ndipo sindinamuonenso.

Masamba oyambirira a kabukuko anali atang'ambidwa. Otsalawo anali oyera, amizere yowongoka, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse kunali kabokosi kochongamo. Abale, kunali kukongola! M'kati mwa chikuto munthu wina analemba timawu ting'onoting'ono toti, "Chochongedwa sichibwerera." Ndinaseka ndekha. Ndani amafuna kuti ntchito imene wamaliza ibwerere? Ndinakasunga m'dirowa masiku atatu, mwini wake osabwera, ndipo poti buku langa lakale linali litadzaza, ndinakatenga. Mzere woyamba umene ndinakoperamo unali uja wa amayi.

Ndinazindikira za kabukuko Lamulungu masana. Ndinali ndi mulu wa zovala zoti ndisite, mayunifomu anga ndi malaya a aphunzitsi. Ndili ndi kachizolowezi koipa, kochonga chinthu ndikangotsala pang'ono kuchiyamba, kuti tsamba lizioneka bwino. Ndiye ndinachonga "kusita" n'kutembenuka kuti ndilumikize simbi kumagetsi. Mulu uja panalibe. Zovala zonse zinali pamahang'ala, zosalala, simbi ili yotentha, ndipo phewa langa lakumanja linkapweteka monga limachitira ndikasita ola lathunthu. Wotchi sinasunthe.

Ndinakhala pabedi mwamantha. Kenako, ndinene zoona, mantha anatha msanga kuposa mmene munthu wanzeru akanayenera kuwathera. Ndinachonga "kutsuka kubafa." Bafa linali mbee, manja anga akununkha sopo. Ndinaseka mpaka aphunzitsi anafunsa ali pabalaza ngati ndalandira uthenga wabwino.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka munthu wodabwitsa. Mizere ya kuchipatala yotengera mankhwala a amayi, chonge. Kukonza mafailo onse a odwala kuchokera chaka chatha, chonge, dokotala mpaka anandiyamikira pamaso pa anthu. Maphunziro a galimoto ndinkangochonga, ndipo miyendo yanga inkadziwa yokha pamene pali buleki ngakhale sindinkakumbuka nkhope ya wondiphunzitsayo. Nthawi imene ndinkapulumutsa sindinkapuma nayo ayi. Ndinkaidzaza ndi mizere ina, poti tsamba lopanda kanthu limandiyabwa.

Mzere wa amayi wokha sindinauchonge. Umenewo ndinkafuna kuuchita ndekha, bwinobwino, tsiku limene ndidzakhale ndi mpata weniweni. Ndiye tsiku lililonse unkalandira kamuvi kake. Amayi sanandikumbutsenso. Ankangoti ndikamadutsa pakhomo pawo ndi liwiro, amakweza mutu, ine n'kunena kuti, "Sindinaiwale, amayi, zili m'buku." Iwo ankangogwedeza mutu.

Tsiku lina akundiona ndikupesa anati, "Bwera kuno. Imvi izi zayamba liti? Mwezi watha kunalibe."

"Ndi ntchito, amayi."

"Ntchito yake iti yodya munthu chonchi?"

Ndinatuluka msanga, basi inali itatsala pang'ono kunyamuka.

Chimene chinanditsegula maso ndi nkhani ya aphunzitsi. Tsiku lokumbukira ukwati wathu linagwera Loweruka, ndipo iwo anati tikadye chamasana kumalo ena odyera, awiriwiri. Ine tsikulo ndinali ndi mayeso oyeserera a kosi. Ndinayang'ana mizere iwiriyo, ndinayang'ana wotchi, ndipo dzanja linachita zimene linazolowera. Nthawi yomweyo m'mimba munali ndii, milomo ili ndi mafuta, ndipo aphunzitsi analowa m'chipinda akumasula tayi, akuseka.

"Koma aWotchi, lero mwandisangalatsa. Ndinali nditaiwala kuti mumatha kuseka choncho. Nkhani ija ya ahedi inakupwetekani nthiti, eti?"

Mtima unandipweteka. Zaka zingapo zinali zitadutsa ndisanawaone amuna anga akusangalala chotero, ndipo amene anawasangalatsayo ndinali ine, koma ine kunalibeko.

"Tainenaninso nkhaniyo," ndinatero.

"Aaa, kawiri? Chabwino. Paja ndinati ahedi analowa m'kalasi..."

Pamenepo mawu anazima. Milomo yawo inkayenda, manja akulozaloza, mapewa akugwedezeka ndi kuseka, koma m'chipindamo munali zii. Sikuti makutu anga anatseka. Mpopi wakubafa ndinkaumva ukudontha, galu wa aneba ndinkamumva. Mawu awo okha ndi amene kunalibe. Ndinayesa kuwerenga milomo, koma maso anga ankangoterereka osagwira kanthu. Kenako mawu anabwerera mwadzidzidzi: "...basi, mpaka lero sayandikanso choko. Bwanji simukuseka?"

Ndinawapempha kuti andilembere papepala, ndinati ndikufuna ndikauze anzanga kuntchito. Analemba tsamba lonse, ndikuwaona ndi maso angawa. Atandipatsa, pepalalo linali loyera. Ndinathamangira kukabuku kuti ndilembenso mzere wa chamasana uja, koma bolopeni inkangokanda pepala osatulutsa inki. Apo m'pamene ndinamva tanthauzo la timawu tam'chikuto tija.

Ndinalumbira kuti sindidzachonganso chinthu chimene sindinachite ndi manja anga. Ndinatsegula tsamba la Loweruka lotsatira n'kulembapo mzere umodzi wokha: "Kukhala pansi ndi amayi, thu koloko." Ndinaudula mzere kunsi kawiri. Kosi ndinapempha tchuthi. Sabata yonseyo ndinasita ndekha, ndinaima pamizere ndekha, ndipo ndinatopa ngati munthu wamba.

Loweruka lija ndinadzuka ndi mtima wopepuka. Nditamaliza kuphika chamasana ndinaona kuti mkaka watha, ndipo amayi tiyi wopanda mkaka samwa. Ndinati zinthu zichitike mwadongosolo lake. Wotchi inkati hafu pasiti wani, ndipo golosale ili pakona pompa, mphindi zisanu kupita, zisanu kubwera. Ndinatenga kachikwama n'kutuluka. Kabuku ndinakasiya patebulo lodyera, kali chotsegula. Ine amene sindinkakasiya ngakhale popita kubafa, tsiku limenelo ndinakasiya.

Ndinali pamzere m'golosale, mkaka ndi mabanzi zili m'manja, pamene ndinamva kuti kukhosi kwanga kwauma ngati ndakhala ndikulankhula tsiku lonse. Maso ankaluma. Mayi wogulitsa anandiyang'ana n'kusiya kuwerenga katundu.

"Amayi, kwagwanji? Mwalira chiyani chonchi?"

"Ine? Sindinalire."

"Taonani nkhope yanuyo."

Ndinadziyang'ana pagalasi la firiji ya zakumwa. Maso anali otupa, ofiira, masaya ali ndi mizere ya misozi youma. Kutsogolo kwa bulauzi yanga kunali konyowa. Ndinapisa dzanja m'thumba kuti nditenge kampango, ndipo ndinagwira chinthu chozizira. Kanali kakiyi kakang'ono kachitsulo, komangidwa ndi ulusi wofiira. Sindinakaonepo chibadwire.

Mkaka ndinausiya pakauntala pomwepo. Ndinathamanga msewu wonse ngati wamisala, nsapato imodzi n'kutsala pageti.

Aphunzitsi anali pabalaza akuchonga makope a ana asukulu. Anandiyang'ana mwachifundo. "Mwamaliza? Ndinati ndisakusokonezeni. Chitseko chotseka nthawi yonse ija, ine ndimangomva kulira. Zili bwino?"

Ndinangowadutsa. Patebulo lodyera kabuku kanali pomwe ndinakasiya. M'kabokosi ka mzere umodzi uja munali chizindikiro chokhota, chonjenjemera, cha pensulo yofiira imene amayi ankalembera pansalu.

Ndinalowa m'chipinda mwawo osagogoda. Pampando wapafupi ndi bedi panali makapu awiri, onse opanda kanthu, imodzi ili ndi chizindikiro cha milomo yanga. Amayi anali atakhala pabedi atatsamira pilo, nkhope yawo ili yowala, yopepuka, mmene sindinaionere kwa zaka zambiri.

"Amayi, mwachonga ndinu m'buku langa?"

"Ndine," anatero. "Ndimadutsa ndikupita kukamwa madzi, ndiye ndinaona dzina langa. Ndinatsegula masamba akumbuyo. Timivi, timivi, timivi, masabata asanu ndi awiri. Ndinati mwana wanga ndamusenzetsa katundu, tsiku lililonse akumandinyamula kupita nane mawa. Ndiye ndinati ndimuchongere, apume, mawu angawo ndipita nawo ndekha. Koma taona mmene Mulungu amachitira. Ndikungoika pensulo pansi, iwe n'kulowa ndi tiyi."

Ndinakhala pansi, pasimenti.

"Mtima wanga watsika tsopano," anapitiriza. "Zaka zonsezi ndili nazo ndekha. Kakiyi usataye."

"Amayi, ndapota nanu, tanenaninso. Kuyambira poyamba."

Anandiyang'ana modabwa. "Zonse zija? Iwe, wayesa n'zophweka kuzitulutsa?"

"Ndapota nanu."

Anausa moyo, anandigwira dzanja, n'kutsitsa mawu. "Chabwino. Paja ndinati, chaka chimene iwe unabadwa..."

Ndipo m'chipindamo munagwa zii. Ndinkamva zovala zikukupiza pachingwe panja. Ndinkamva aphunzitsi akutembenuza makope pabalaza. Amayi anga ankalankhula, misozi ikutsika, chala chawo chikuloza kakiyi, kenako chikuloza ine, ndipo sindinamve ngakhale liwu limodzi. Analankhula nthawi yaitali. Pomaliza mawu anabwerera: "...n'chifukwa chake ziyenera kuchitika ine ndikadali ndi moyo. Wamva?"

Ndinawauza zoona. Ndinawauza za bambo wa dzino, za kusita, za kabuku, zonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono.

"Unalira pamiyendo pangapa," anatero. "Unandigwira dzanja, unalumbira kuti uchita. Tsopano ukuti sunamve? Ngati zakulemera, mwananga, ungonena kuti zakulemera. Usandinamize ndi nthano za mabuku."

"Ndiye auzeni aphunzitsi, kapena mlongo wanga, iwo achite."

"Ndinakuuza chifukwa chake sizingatheke. Ndi za iwe ndi ine basi."

Ngakhale chifukwa chimenecho ndilibe.

Ndinayesa zonse. Chizindikiro chija ndinachifufuta mpaka pepala linabooka. Ndinawajambula amayi pafoni akulankhula, koma pomvetsera ndimangomva mpweya wawo ndi wotchi yapakhoma. Kabuku ndinakatentha kuseri kwa nyumba, kanapsa ngati pepala lina lililonse, ndipo palibe chinasintha. Kakiyi ndakayesa pachitseko chilichonse cha m'nyumba muno, pamasutikesi, padirowa ya makina osokera, ngakhale pabokosi lazida la malemu bambo. Sikatsegula paliponse. Madzi akatayika saoleka, ndinkawauza choncho odwala ochedwa, ndili ndi kamwano kanga pakauntala paja.

Kosi ndinasiya. Laisensi ndili nayo, koma sindikumbuka mmene ndinaipezera ndipo sindiifuna. Masiku ano ndimaweruka folo koloko n'kubwera molunjika kunyumba. Ndimapanga tiyi wamkaka, makapu awiri, n'kukakhala m'chipinda chakumapeto. Mpata tsopano ndili nawo wambiri. Amayi amandiuza za makasitomala awo akale, za mkwatibwi amene ananenepa diresi litasokedwa kale, za bondo lawo, ndipo zonsezo ndimazimva bwinobwino, timaseka. Koma akuchepa thupi. Mwezi uno kapu akuigwira ndi manja awiri.

Tsiku lililonse tiyi akatsala pang'ono kutha, amaika kapu pansi n'kundigwira dzanja. Amatsitsa mawu n'kunena kuti, "Ndiye zija..." Kenako zii. Ine ndimangoyang'ana milomo yawo, kakiyi kali m'dzanja langa, ndikugwedeza mutu ngati chitsiru.

Dzulo atamaliza anandisisita tsaya. Zoti sindinamve anasankha kusazikhulupirira, ndipo mwina n'zimene zikuwasunga.

"Sindikukukakamiza," anatero. "Ndikudziwa uchita nthawi yake isanathe. N'chifukwa chake ndinauza iwe osati mlongo wako. Iwe suchedwa."